Ramiro ndi Mafupa a Bambo Gaspar

Landy ankapeta dzina la bambo ake pansalu yoyera, koma mtima wake unali pa foni imene anaibisa pansi pa ntchafu. Inali itanjenjemera kawiri. Sakanayerekeza kuitulutsa, chifukwa Mayi Socorro, mayi ake, anali chapafupi pomwepo akutsuka zitini zoikamo maluwa a kumanda, ndipo mayi amenewa ankaona ndi kunkhongo komwe.

Kwathu ku Pomuch, Okutobala akamapita kumapeto, nyumba iliyonse imapeta nsalu. Munthu akagona m'manda zaka zitatu, abale amatulutsa mafupa ake, kuwaika m'kabokosi kathabwa, kabokosiko n'kukhala m'kachipinda kotsegula kumanda komweko. Ndiye chaka ndi chaka, akufa asanabwere kudzationa pa masiku awo, timapita kukawapukuta fumbi ndi kuwasinthira nsalu. Ndani angalole kuti bambo ake afike pakhomo atavala zalitsiro?

"Duwa ilo lapendama," anatero Mayi Socorro osatembenuka n'komwe. "Bambo ako sankafuna zinthu zopendama."

"Ndikonza, Amayi."

"Ndipo uyankhe foniyo isanakuboole mwendo. Ndi uja wa ku Veracruz eti? Uja wa mafupa okhaokha?"

Nkhope ya Landy inatentha. "Dzina lake ndi Ramiro, Amayi."

"Dzina ndikulidziwa. Chimene sindikudziwa n'chakuti kwawoko amadya kapena ayi."

Ramiro anabwera ku Pomuch mvula itangoyamba, kudzakhala ndi amalume ake ophika buledi. Tsiku limene Landy anamuona koyamba, mnyamatayo anali pakhonde la tchalitchi atakumbatira thumba la buledi kuti lisanyowe, pamene iye mwini mvula inali itamulowa mpaka m'mafupa, monga timanenera kuno. Landy anamubwereka ambulera. Ambulerayo inabwezedwa, kenako inabwerekedwanso, n'kumangopita ndi kubwera ngakhale masiku amene kumwamba kunalibe kamtambo n'kamodzi komwe.

Landy sanali mtsikana wa pakamwa. Kusukulu ankakhala mpando wakumbuyo, ndipo aphunzitsi ena anamaliza naye zaka osadziwa mawu ake. Koma akakhala ndi Ramiro mawu ankangobwera okha, mpaka akafika kunyumba ankachita manyazi pokumbukira zonse zimene wanena.

"Tamvera," anatero Mayi Socorro, n'kukhazika chitini pansi. "Amalume ake anandiimitsa pamsika dzulo. Akuti mnyamatayo akufuna kubwera kudzalankhula nane."

Singano inamubaya Landy pachala. Sanakuwe.

"Ndinawauza kuti asayambire kwa ine. Mwana ali ndi mwini wake. Loweruka tikamakapukuta bambo ako, abwere. Akawagwire ndi manja ake, akadzitchule dzina, akanene chimene akufuna. Bambo ako akamuona, ine ndidziwa choyankha."

"Koma Amayi, kwawo sachita zimenezi."

"Kwawo si kuno. Wilberth chaka chatha anabwera osaitanidwa, anatigwirira kabokosi, ndipo dzenje lophikira mkate uja wa pibi anakumba ndi iye. Mwana wa mumsewu uno, wodziwa mwambo. Ngati ukumukana ameneyu, undionetse chimene winayo ali nacho."

Landy anaweramira nsalu yake. Mumsewu monse ankati Mayi Socorro ndi fupa lolimba, loti galu amangolinunkhiza n'kulisiya. Komabe sanati ayi. Landy anagwiritsitsa pomwepo.

*

Atangolowa kuchipinda anatsegula foni.

"Wandiiwala kodi? Ine kuno ndikuwonda," Ramiro anali atalemba.

"Uwondanso pati iwe?" Landy anayankha. "Amayi avomera kuti ubwere."

"Zoona? Ndikuvina kuno!"

"Usavine kaye. Akuti ubwere kumanda Loweruka. Ukapukute mafupa a bambo anga."

Timadontho titatu tinaoneka, n'kuzimiririka, n'kuonekanso.

"Mafupa enieni?"

"Bambo anga analibe apulasitiki."

Yankho linachedwa. Landy anayang'ana denga, anayang'ananso foni. Kenako unalowa uthenga waufupi: "Tionane mawa kupaki. Ubwere ndi mtima wabwino."

*

Anakumana masana pabenchi yawo ya nthawi zonse, moyang'anizana ndi tchalitchi. Ramiro anabwera ndi buledi wotentha wokulunga m'pepala, anamunyema pakati, koma gawo lake anangoligwira osadya.

"Landy, usandiseke," anayamba. "Ine ngakhale nkhuku ikamaphedwa ndimayang'ana kumbali."

"Koma ikapsa suyang'ana kumbali."

"Ndati usandiseke." Anamwetulira pang'ono, kenako anayang'ana pansi. "Kwathu timayatsa makandulo, timaika maluwa ndi zithunzi, basi. Munthu akatsekeredwa watsekeredwa. Amayi anga akamadutsa pafupi ndi manda amawoloka msewu uku akupemphera. Za kuno sindinawauze n'komwe. Atamva akhoza kukomoka."

"Ndiye subwera?"

"Ndanena choncho ine?"

Landy anakanda benchi ndi chikhadabo. Panali chinthu chimene anali asanauzepo munthu aliyense, ndipo anadabwa kumva chikutuluka chokha.

"Chaka chimene tinawatulutsa, inenso ndinkaopa. Ndinabisala kumbuyo kwa amayi. Koma atavundukula, ndinaona mano awo. Anali ndi mpata kutsogoloku, umene ankaimbira mluzu poitana ine. Mantha onse anangothera pomwepo. Sukaona mtembo, Ramiro. Ukaona munthu amene ndinamusowa."

Ramiro anamuyang'ana nthawi yaitali. "Akandikonda?"

"Ankakonda aliyense wowaseketsa."

"Ndiye amayi akowo anawakwatira bwanji?"

Landy anamumenya paphewa, onse n'kuphulika kuseka. Ali mkati moseka, belu la njinga linalira kumbuyo kwawo. Anali Wilberth, pa njinga yake ya matayala atatu yonyamulira anthu, malaya atamasula mabatani mpaka pamchombo. Iye ndi Landy anakulira limodzi, ndipo kuyambira ali ana Wilberth ankauza aliyense kuti Landy ndi mkazi wake, osamufunsa mwini wake.

"Achimwene a ku Veracruz!" anafuula. "Ndamva kuti Loweruka muli ndi mayeso. Ndibwere ndi mpando woti mukagwerepo?"

"Wilberth, pita ukanyamule anthu," anatero Landy.

"Aa, ukundithamangitsa? Ine ndabwera ndi mtendere, Landy wanga." Anatsika n'kugwira Ramiro paphewa. "Mlendo sasiyidwa mumdima. Achimwene, pali zoyenera kutenga popita kumeneko, ndipo mayi aja salola zolakwitsa. Kwerani ndikakusiyeni, ndikufotokozerani m'njira. Ulele."

Ramiro anayang'ana Landy ngati akupempha chilolezo. Landy anagwedeza mutu movomereza. Anawaona akupita, Wilberth akupalasa uku akulankhula ndi dzanja limodzi, Ramiro akumvetsera ngati mwana wa sukulu. Mumtima anati mwina Wilberth wavomereza tsopano. Anabwerera kunyumba akuimba chapansipansi.

*

Loweruka m'mawa kumanda kunali ngati kumsika. Ena ankapenta tizipinda ta abale awo, buluu, pinki, chikasu. Wina anali atatsegula wailesi kuti agogo ake amve nyimbo zawo zakale. Ana ankathamangitsana m'tinjira, ndipo kuchokera m'timabokosi totsegula zigaza zinkasuzumira panja, chilichonse pansalu yake ya maluwa.

Ramiro anafika atavala malaya oyera ositidwa bwino. Nkhope yake inali yotuwa ngati malayawo. Ankayenda maso ali pa nsapato zake.

"Mwadzuka bwanji, Mayi?"

"Tadzuka. Wadya?"

"Ayi, Mayi."

"Wachita bwino," anatero Mayi Socorro, n'kutsogola.

Wilberth anali kale komweko, pa kachipinda ka agogo ake, chapafupi ndithu. Anawapatsa moni ndi ulemu wonse, foni ili m'thumba la malaya.

Mayi Socorro anagogoda pakabokosi ndi zala ziwiri. "Gaspar, tabwera. Ndi ine, ndi mwana wako. Tabwera kudzakusintha. Lero kuli mlendo, ndiye usachite manyazi."

Anakatulutsa n'kukakhazika pasimenti. Landy anayala nsalu yakale pambali, mayi ake n'kuyamba kutulutsa mafupa limodzilimodzi. Kenako anatenga bulashi yaing'ono n'kuitambasulira kwa Ramiro.

"Yamba ndi a m'manja."

Ramiro sanailandire. Anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa masiki, n'kuvala. Anapisanso thumba lina n'kutulutsa magolovesi a labala, achikasu, aatali ofika m'zigongono, aja otsukira chimbudzi. Anawavala mosamala, chala ndi chala, ngati munthu amene anayeserera kunyumba.

Mayi wina amene ankapenta chapafupi anaimitsa dzanja m'mwamba, penti n'kumadontha.

"Chimenecho n'chiyani?" Mayi Socorro anafunsa motsitsa mawu.

"Magolovesi, Mayi."

"Ndikuona kuti ndi magolovesi. Ndikufunsa kuti mwamuna wanga wasanduka chimbudzi?"

Kumbuyo kwawo Wilberth anatsokomola chitsokomolo chofanana kwambiri ndi kuseka. Ramiro anatembenuka n'kumuyang'ana kamodzi kokha. Landy anaona kuyang'anako, n'kumvetsa zonse zimene zinafotokozedwa pa njinga paja. Anadikira kuti Ramiro amutchule, koma Ramiro anangokokera masiki kuchibwano.

"Ndalakwa, Mayi. Ndimayesa ndi ulemu, kuti manja anga asawadetse."

"Manja awa anakumba, anaumba, ananyamula mwana amene ukumufunayu. Sananyansidwepo ndi munthu." Mayi Socorro anaibweza bulashi ija. "Pita, mwana wanga. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Pita ukaphike buledi."

Ramiro anaima chilili, manja achikasu ali lende. Landy anamva maso a manda onse, a amoyo ndi a akufa omwe, ali pamsana pake. Moyo wake wonse, anthu akamuyang'ana chonchi, ankathawira kumbuyo kwa munthu wina. Lero kumbuyo kunalibe woti abisaleko.

Anagwira Ramiro padzanja n'kukoka golovesi. Linakana, n'kutuluka ndi kaphokoso konyazitsa. Anakokanso linalo, n'kuwaponya onse m'chitini chopanda maluwa. Dzanja la Ramiro linali lozizira, lonyowa thukuta. Landy analitenga, n'kugwada naye, n'kuliika pa fupa la mkono, dzanja lake lili pamwamba.

"Ababa," anatero, "uyu ndi Ramiro. Ndi wamantha, koma wabwera."

Wailesi ija inkangoimba yokha. Landy anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. La Ramiro linatsala pomwepo.

Ramiro ananyamula fupalo ndi manja awiri, ngati kuti likhoza kudzuka. Bulashi analibe, choncho anayamba kuchotsa fumbi ndi chala chachikulu, kuchokera kumapeto kuno kupita uko. Atafika pakati, chala chinaima. Chinabwerera, n'kudutsanso pomwepo.

"Pepani, Mayi," anatero chonong'ona. "Apa pali ngati mfundo. Anathyokapo?"

"Anagwa pa kavalo," Landy anayankha msanga. "Ali mnyamata."

Mayi Socorro anatulutsa kamawu kachilendo m'mphuno. Landy anayesa akulira. Atawayang'ana anapeza atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Kavalo? Gaspar anakuuza kuti kavalo? Kavalo anamukwerapo kuti ameneyu? Ngakhale bulu ankamuopa!"

"Nanga anagwa pati, Amayi?"

"Pampanda wa kwathu!" Mayi Socorro anakhala pansi pasimenti, akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu yawo ya paphewa. "Agogo ako anali atanena kuti safuna kumuona pakhomo. Ndiye iye, nzeru zake, anakwera mpanda wamiyala wakuseri kuti andipatse malalanje. Agogo ako anangotsokomola m'nyumba. Kutsokomola kokha! Munthu uyu phii, pansi, malalanje mbwee."

Mayi wopenta uja anaseka mpaka kutsamira khoma lonyowa penti.

"Ndiye zinatha bwanji, Mayi?" Ramiro anafunsa.

"M'mawa mwake anabwera pakhomo lakutsogolo, mkono uli m'nsalu, nkhope yotuwa ngati yakoyi. Agogo ake a Landy anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti, munthu wobweranso atathyoka, mpatseni mpando."

Mayi Socorro anayang'ana fupa lili m'manja mwa Ramiro. Kenako anatambasula dzanja, n'kusisita pamfundo paja ndi chala chawo.

"Ena anagwirapo fupa limeneli osamva kanthu," anatero, osayang'ana kumene kunali Wilberth. Anamupatsa Ramiro bulashi. "Kwaya. Pang'onopang'ono. Nthiti uzisamale, ankamva kugirigisha."

*

Anagwira ntchitoyo atatu. Landy anayala nsalu yatsopano m'kabokosi, dzina la bambo ake likuonekera kutsogolo. Mafupa aatali analowa pansi, aang'ono pamwamba, uku Mayi Socorro akuwauza amuna awo nkhani zonse za chaka: denga lakukhitchini likudontha, mlongo wawo wasiya kulankhulitsana ndi mpongozi wake, mtengo wa malalanje wabereka mpaka nthambi kuthyoka.

Chinatsala chigaza chokha.

"Ichi amaika ndi mwamuna wa pakhomo," anatero Mayi Socorro. "Pakhomo pathu palibe. Tanyamula, tione."

Ramiro anachinyamula. Sanayang'ane kumbali. Anachikweza mpaka chinayang'anizana ndi nkhope yake, n'kuona mpata wa mano uja, ndipo Landy anaona milomo yake ikumasuka.

"Bambo Gaspar, ndine Ramiro Ochoa, wa ku Veracruz. Pepani za magolovesi zija." Anapuma. "Ndimakonda mwana wanu. Sindidziwa zambiri za kuno, koma ndiphunzira. Komanso ambulera yanu yakuda ija ili kwathu. Sindinabe, anandibwereka."

"Ambulera imeneyo ndaifunafuna mvula yonse!" anakuwa Mayi Socorro, n'kutembenukira kwa Landy. Landy anabisa nkhope m'manja, koma ankaseka, ndipo Ramiro ankasekanso, chigaza chili m'manja, ngati anthu atatu akusekera limodzi nthabwala imodzi.

Anachikhazika pamwamba, chikuyang'ana kunja kuti chizilandira dzuwa. Anabwezera kabokosi m'malo mwake. Landy atatembenuka kuti atenge maluwa, anaona Wilberth akubwezera foni m'thumba. Kachipinda ka agogo ake kanali kasanapentedwe n'komwe, koma iye anatola chitini chake n'kunyamuka osatsanzika. Landy sanasamale. Mumtima mwake munalibe malo a Wilberth tsiku limenelo.

Mayi Socorro anayatsa kandulo, anapemphera pang'ono, n'kuimirira akudzikuntha fumbi.

"Iwe wa ambulera."

"Mayi?"

"Lachinayi ubwere m'mamawa ndi khasu. Dzenje la pibi silidzikumba lokha. Ukumbe, usonkhe moto, uike miyala. Akapsa, woyamba ndi wa Gaspar, wachiwiri ndi wako, ndipo umalize. Sindifuna anthu azinena kuti pakhomo panga pamayenda mafupa amene sanalowe m'bokosi."

"Ndibwera, Mayi."

"Ndi ambulera."

"Ndi ambulera yomwe, Mayi."

Landy ankadziwa pibi wa mayi ake, mkate waukulu wa chimanga wokhala ndi nkhuku mkati, wokulungidwa m'masamba a nthochi n'kukwiriridwa pamiyala yamoto. Ankadziwanso kuti chimwalirireni bambo ake, dzenjelo linali lisanakumbidwepo ndi munthu amene mayi ake anamuitana okha. Anayang'ana bambo ake m'kachipinda muja, pansalu imene duwa lake limodzi linali lopendamabe pang'ono, n'kunong'ona kuti zikomo.

*

Anatuluka pachipata dzuwa litakwera. Mayi Socorro anatsogola dala, n'kuwasiya awiriwo m'mbuyo. Anaima pa mayi wina wogulitsa madzi oundana a zipatso, Ramiro n'kugula awiri.

"Bwanji sunamutchule Wilberth?" Landy anafunsa.

"Pamaso pa bambo ako? Tsiku loyamba ndiyambe ndi kuneneza anthu?"

"Unatsala pang'ono kugwa."

"Ndikanagwa bwenzi ndili ndi mfundo yanga, mdzukulu wathu adzaipeze."

"Mdzukulu wa ndani?" Landy anayang'ana kumbali, makutu akutentha. Zala zawo zinagundana, n'kugwirana pang'ono kuseri kwa siketi yake.

Foni ya Ramiro inalira. Anaiyang'ana n'kumwetulira. "Ndi amayi anga. Lero ndiwauza za iwe."

Sanapeze mpata wopereka moni. Mawu a mayi akewo ankamveka mpaka pamene panaima Landy, akuthamanga, akulira, akutchula oyera mtima motsatizana. Kumwetulira kwa Ramiro kunazima. "Amayi, dikirani... si choncho... Amayi, ndi mwambo chabe... palibe wandidyetsa kanthu..." Foni inaduka.

Ramiro anatsegula pa intaneti, n'kumuonetsa Landy. Chinali chithunzi cha Ramiro ali pakati pa manda, chigaza chili m'manja, akuseka mano onse pamtunda. Landy ndi mayi ake sankaonekamo. Wilberth anali atachiika ndi dzina lonse la Ramiro kuti abale ake onse achione, ndipo pansi pake analemba kuti: "Mlendo wathu wazolowera."

"Amayi ako akuti chiyani?" Landy anafunsa, ngakhale anali atamva.

"Akuti ndagwa m'manja mwa afiti. Akubwera kudzanditenga. Akuti agula matikiti awiri obwererera."

"Liti?"

Ramiro anayang'ana kutsogolo, kumene Mayi Socorro anali ataima pamthunzi akuwadikira, akuwakodola ndi dzanja kuti afulumire.

"Lachinayi m'mawa."

Madzi oundana aja ankasungunukira m'dzanja la Landy. Anayang'ana zala za Ramiro zimene zinagwira foni. M'mphepete mwa zikhadabo munali mudakali fumbi la bambo ake, ndipo Ramiro anali asanalipukute.